Kuyendetsa jet ski pa magombe a Mangochi osavulaza munthu, osang'amba ukonde wa msodzi

Jet ski, kachombo ka injini kamene munthu amakwera ngati njinga yamoto ya pamadzi, ilibe chiwongolero chonga chimene tinazolowera pamtunda. Kunsi kwake kuli chibowo chotchingidwa ndi tizitsulo. Pamenepo pampu imamwa madzi, pulopela yamkati yotchedwa impeller n'kuwapukusa, kenaka n'kuwalavulira kumbuyo kudzera pa kampopi kamene kamatembenuka mukapotoza mahandulo. Chokhotetsa chombochi ndi madzi olavulidwawo basi. Mukasiya moto madziwo amachepa mphamvu, ndipo ngakhale mupotoze mahandulo mpaka pothera, jet ski imangoserereka kupita komwe inalunjika. Ngozi zambiri zimabadwira pamenepa. Woyendetsa waona mutu wa mwana wosambira kapena bwato patsogolo pake, mtima wadumpha, chala chasiya moto monga amachitira wa kabaza akaona mbuzi pamsewu, wakhotetsa, koma chombo cholemera makilogalamu 300 kapena kuposerapo chikupitabe pa chinthu chomwe akuchithawacho.

Za mabuleki musadalire. Mitundu yambiri yakale ilibe konse. Sea-Doo inayamba kuika buleki yake ya iBR mu 2009, Yamaha n'kubweretsa RiDE mu 2015, koma zonsezi zimangotembenuzira madzi kutsogolo kuti liwiro litsike. Sizigwira pomwepo ngati tayala pa phula. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola mumadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, ndiye pamene maso aona, mutu waganiza, dzanja layankha, mamita 30 apita kale. Buleki yeniyeni ya jet ski ndi mtunda umene mwasiya pakati pa inu ndi anthu. Malangizo onse ali m'munsimu akutsamira pamenepo.

Musanakhudze madzi

Yambani ndi anthu, makina pambuyo. Zombo za pa nyanja yathu zimayang'aniridwa ndi Dipatimenti ya Marine pansi pa lamulo la Inland Waters Shipping Act, choncho mwini jet ski, makamaka wobwereketsa kwa alendo, apite ku ofesi yawo ku Monkey Bay akamve zofunika pa kulembetsa ndi kuyendera chombo chake. Kenaka pitani pagombe pomwe mukufuna kutsikirapo, mupereke moni kwa akomiti ya pagombe kapena asodzi amene akusoka maukonde pamthunzi, muwafunse kuti, “Bambo, matchera lero atchera mbali iti? Nanga mvuu zaoneka kuti sabata ino?” Safunsa anadya phula. Iwowo ndi amene akudziwa pamene pali mwala wobisika, ndiponso pamene panamira chitsa kapena mpanda. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri mpaka kumiza mchenga, makoma ndi mipanda ya malo ambiri ogona alendo, ndipo madzi akamakwera ndi kutsika motere zotsalira zake zimakhala pansi pang'ono chabe, zosaoneka kwa munthu wothamanga.

Tsopano chombocho, chikadali pa ngolo yake. Chotsani mpando, musiye mpata wa injini upume kwa mphindi zingapo, ndipo mununkhize. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imakhazikika pansi mkatimo, ndipo kamoto kakang'ono kochokera ku sitata kapena ku waya wa batire wosamanga bwino kangaphulitse chombo pansi pa munthu. Mukamva fungo la petulo musalize. Funani kaye paipi imene ikudontha. Onani ngati mkati muli madzi, onani oilo, gwedezani mawaya a batire. Pitani kumbuyo mukamange zotsekera mabowo otulutsira madzi. Anthu amazimasula dzulo lake kuti madzi atuluke, mawa n'kuiwala, ndipo chombo chimayamba kulemera kumbuyo chili kale kutali ndi gombe. Werameni muyang'ane chibowo cha pansi chija ngati mulibe jumbo, chingwe kapena mwala. Potozani mahandulo uku ndi uku wina akuona ngati kampopi kakumbuyo kakutsatira. Kokani kachitsulo ka moto n'kukasiya: kabwerere kokha msanga, kosakakamira.

Pomaliza yesani chingwe chozimitsira injini, chimene woyendetsa amamanga pa dzanja kuti akagwa chizuke, injini izime. Lizani injini kwa masekondi ochepa, osapitirira 15 chifukwa kunja kwa madzi ilibe choiziziritsa, kenaka zulani chingwecho. Injini izime nthawi yomweyo. Ikapanda kuzima, tsiku limenelo jet ski isalowe m'madzi, ngakhale alendo atalipira kale.

Mafuta thirani pamtunda, kutali ndi pamene amayi amatunga madzi ndi kutsukira mbale. Petulo wa m'zigubu muzimusefa, chifukwa dothi ndi timadzi ta m'chigubu ndi zimene zimazimitsa injini pakati pa nyanja. Thanki ya Sea-Doo Spark imalowa malita 30, ya mitundu ikuluikulu malita 60 mpaka 70, koma mukamakoka moto wonse geji imatsika mukuiona. Gawani mafuta anu patatu: gawo limodzi lopitira, lina lobwerera, lachitatu losakhudza. Lachitatulo mudzalifuna tsiku limene mphepo yakutembenukirani.

Chovala choyamba ndi laifijaketi ya saizi yanu, yomanga malamba onse. Muyese poikoka m'mapewa: ikakwera mpaka m'makutu, ndi yaikulu, ndipo idzavuka mukamenya madzi. Mwana asavale ya munthu wamkulu. Chachiwiri anthu amachita nacho manyazi kuchitchula, koma tichitchule. Wokwera kumbuyo akagwa chagada, madzi a pa kampopi kaja amatha kulowa mwamphamvu kumalo obisika n'kung'amba zamkati, ndipo kuvulala kotere kumafuna opaleshoni. N'chifukwa chake opanga zombozi amalemba pa chombo pomwe kuti aliyense avale kabudula wochindikala wa mtundu wa wetsuit. Chovala chosambira nacho wamba sichiteteza. Chitenje, mpango wautali ndi tsitsi lomasuka zingathe kukokedwa ndi pampu, choncho mangani kapena siyani pamtunda. M'kabokosi kakutsogolo ikanimo chingwe cha mamita 10 kapena 15, wenzulo, madzi akumwa, kankhafi kakang'ono, chozimitsira moto ndi foni yokulunga m'kathumba kosalowa madzi. Uzani munthu mmodzi pagombe kumene mukupita ndi nthawi yobwerera. Woyendetsa asachepere zaka 16, ndipo amene walawako mowa, ngakhale botolo limodzi, akhale pamchenga.

Kuchoka pagombe

Kankhani jet ski ndi manja mpaka madzi afike m'chiuno mwa munthu wamkulu. Yamaha imati musalize injini pa madzi osakwana masentimita 60, Sea-Doo imati 90, tengani 90. Pa madzi osaya pampu imakoka mchenga ndi timiyala, zimene zimadya milomo ya impeller ndi kutseka timapaipi toziziritsira. Magombe a ku Nkopola, Namiasi ndi Makawa ndi a mchenga wosalala umene umayandama msanga, ndiye musanakwere gwedezani kumbuyo kwa chombo kangapo kuti mchenga umene walowa utuluke. Kwererani kumbuyo, mangani chingwe chozimitsira pa dzanja kapena pa laifijaketi, yang'anani kumbuyo ngati kulibe mwana amene wagwirira, kenaka lizani. Dziwani kuti mitundu yambiri imayamba kuyenda injini ikangolira, chifukwa ilibe giya yoimirira, choncho mphuno ikhale italoza kale kunyanja.

Tulukani molunjika, osayenda m'mbali mwa gombe, pa liwiro la munthu woyenda wapansi, losadzutsa mafunde kumbuyo. Pitirirani motero mpaka mutasiya gombe mamita 200, amene ndi mabwalo a mpira awiri kutalika kwake. Ambiri zimawatopetsa, koma ganizirani zimene zili m'kachigawo kameneka m'mawa uliwonse: amayi akuchapa madzi ali m'mawondo mwana ali kumsana, tiana tikudumphira kuchokera pa boti loimikidwa n'kutulukira pena, anyamata akukoka khoka chingwe chake chitatambasuka mpaka kutali, mabwato odzaza usipa akufika m'mphepete mwake mutatsala chikhatho chimodzi kuti madzi alowe. Funde limodzi la jet ski lingadzaze bwato lotere, usipa wa usiku wonse n'kubwerera m'madzi. Gombe la Mangochi ndi pantchito, ndi pabafa, ndi pachitsime, ndipo wothamangitsa makina ndiye wobwera.

Mukafika poyera, musanachite china chilichonse, phunzitsani dzanja lanu. Pa liwiro lochepa siyani moto n'kukhotetsa, muone mmene chombo chikukanira. Bwerezani, koma tsopano khotetsani mukuwonjezera moto pang'ono, mumve mmene kumbuyo kukuzungulira. Chitani zimenezi kakhumi kumanja, kakhumi kumanzere, mpaka chala chizolowere kuti pothawa chinthu timakhotetsa ndi moto. Kenaka sankhani chizindikiro pamtunda, thamangani pang'ono, siyani moto mukafika pachizindikiropo, muone kumene chombo chaimira. Mtunda umenewo muusunge m'mutu. Wobwereketsa amene amangopatsa mlendo chingwe n'kumuuza kuti “kokani apa” asanamuonetse zimenezi akuika moyo wa anthu a pagombe lake pachiswe.

Pakati pa asodzi

Ukonde wotchera suoneka. Chimene mungaone ndi botolo la pulasitiki, kachidutswa ka thovu loyera kapena kamtengo koyandama, ndipo patali pang'ono china chonga chomwecho. Mabotolo awiri kapena atatu akakhala pamzere, musadutse pakati pawo. Pansi pali ukonde umene ungatalike mamita mazana angapo, ndi chingwe chimene nthawi zina chimayandama pamwamba penipeni. Zungulirani kunja kwa botolo lomaliza. Dzuwa likakhala patsogolo panu, m'mawa kwambiri kapena chakumadzulo, kunyezimira kwa madzi kumabisa zonsezi, choncho tsitsani liwiro kapena sinthani njira kuti dzuwa likhale pambali.

Maboti ndi mabwato zikakhala pamodzi, kawirikawiri ndi asodzi a chilimira, ndipo ukonde uli pakati pawo. Bwato lokhala ndi nyali ndi la siginala, amene amaitana usipa usiku. Mukakumana nawo m'bandakucha akubwerera, amakhala atatopa ndiponso atalemedwa. Ku Malombe, a nkacha amakhala ndi munthu amene amamira pansi kukatseka ukonde, ndiye pafupi ndi boti lawo pangatulukire mutu wa munthu nthawi ina iliyonse. Onsewa apatseni mamita 100 kapena kuposa, ndipo ngati njira ndi yopapatiza dutsani pa liwiro losadzutsa mafunde, kumbuyo kwa bwato osati kutsogolo kwake. Kwezani dzanja popereka moni. Wopalasa akaona kuti mwamuona mtima umakhala pansi, sayamba kukhotetsa mwamantha.

Mukakola ukonde, zimitsani injini pomwepo. Mukapitiriza kukoka moto, ulusi umakulungika pa shafiti, chitsulo chozunguza impeller ija, n'kusungunuka ndi kutentha, n'kuwononga chotchinga madzi cha pa shafitipo, ndipo chombo chimayamba kumwa madzi. Zulani chingwe chozimitsira, lowani m'madzi ndi laifijaketi yanu, masulani ndi manja. Mpeni ukhale njira yomaliza. Ngati mwadula, funani mwini wake kudzera kwa akomiti ya pagombe tsiku lomwelo, mupepese ndi kulipira. Ukonde umenewo nthawi zambiri ndi wa ngongole, ndipo alovi angapo amadyera pomwepo.

Kuyambira Novembala mpaka Disembala chambo chimaswana, ndipo n'chifukwa chake makoka amaletsedwa nyengo imeneyo. Chambo chachimuna chimakumba chisa pa mchenga wa pansi, chachikazi chimasunga mazira ndi ana mkamwa, kenaka anawo, amene timati kasawala, amakulira m'madzi osaya a m'mabango. Pampu ya jet ski ikadutsa pamenepo imavundula matope ndi kubalalitsa tinsombato. M'mabango musalowemo nyengo ina iliyonse.

Padoko ndi pokumana ndi zombo zina

Doko la Monkey Bay ndi kwawo kwa Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951, ndipo pomwepo pali malo okonzera sitima, zombo za asilikali ndi za apolisi a pamadzi. Khomo lake ndi lopapatiza, lili pakati pa mapiri ndi chilumba. Sitima yaikulu singaime msanga, singapatuke mu njira yake yakuya, ndipo woiyendetsa saona kanthu kakang'ono kamene kali pansi pa mphuno yake. Mukaona sitima ikulowa kapena kutuluka, pitani pambali muime mpaka idutse. Musadutse kutsogolo kwake, ndipo musathamangire kukadumpha mafunde a kumbuyo kwake, chifukwa kuseri kwa sitimayo kungatulukire boti limene simunalione. Mkati mwa doko monse yendani pang'onopang'ono, kutali ndi zingwe za nangula za zombo zoimikidwa ndiponso kutali ndi malo a asilikali.

Malamulo okumanirana pamadzi ndi ochepa, koma limodzi limasokoneza Amalawi. Pamsewu timayenda kumanzere. Pamadzi zombo ziwiri zikakumana maso ndi maso, chilichonse chimakhotera kumanja kwake. Dzanja lozolowera msewu wa ku Liwonde limafuna kupita kumanzere, ndipo mnzanuyo akatsata lamulo mumakumana pakati. Njira zikapingasana, chombo chochokera kumanja kwanu ndicho chimadutsa, inu mumatsitsa liwiro n'kudutsa kumbuyo kwake. Wopitirira mnzake ndiye amene amapatuka. Chombo cha injini chimapatukira cha thanga ndi chopalasa. Khotani msanga ndiponso mooneka bwino kuti winayo adziwe maganizo anu, ndipo musanakhote yang'anani kumbuyo paphewa, chifukwa jet ski zambiri zimagundidwa ndi inzake imene imatsatira pafupi. Mukamayenda awiri kapena atatu, siyanani mamita 50 m'mbali, osatsatana pamzere umodzi. Jet ski ilibe nyali zoyendera usiku, ndiye dzuwa likamapendeka muzikhala mutatuluka kale.

Ku Cape Maclear kuli Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna. Madzi a mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa malo a paki ndi zilumba zake ndi otetezedwa. Funsani ku ofesi ya paki musanayende kumeneko, ndipo ngakhale atakulolani, musayandikire Otter Point kapena zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo mothamanga. Kumeneko anthu amayandama chafufumimba akuonera nsomba, choonekera pamwamba ndi kampope kopumira ndi kamsana basi, ndipo makutu awo ali m'madzi, sadziwa kumene phokoso likuchokera. Mbendera yofiira ya mzere woyera wopingasa, kapena ya buluu ndi yoyera, ikutanthauza kuti pansi pali anthu omira ndi mabotolo a mpweya. Tima kayak ta alendo timakhala pansi kwambiri, timabisika kuseri kwa funde. Chilumba cha Boadzulu nacho chizungulireni patali, chifukwa phokoso limadzutsa mbalame pa mazira.

Kumene Shire amatulukira, kutsika kudutsa pa mlatho wa Bakili Muluzi mpaka ku Malombe, si malo a jet ski. Kuli mvuu ndi ng'ona, madzi amakoka, mabwato owolotsa anthu ndi ambiri, ndipo namasupuni amatseka pampu. Mvuu imamira mphindi zingapo n'kutulukira pamene simukuyembekeza, ndipo ya mwana siopa injini. Mukaona makutu ndi mphuno pamwamba pa madzi, khotani ndi moto wapakatikati mubwerere kumadzi akuya, osadutsa pakati pa iyo ndi kwakuya, chifukwa kumeneko ndi kumene imathawira.

Mphepo

Mwera umaomba kuchokera kummwera chakummawa kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina kulowa mu Seputembala, ndipo umatha kuomba masiku angapo osapuma. Uli ndi msampha wake ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear: mapiri amatchinga, pagombe pamaoneka bata, koma mukangotuluka kuseri kwa Domwe mumapeza mafunde oyera, ndipo injini ikazima mphepoyo imakukankhirani kunyanja yaikulu, osati kumtunda. Mpoto umabwera nyengo ya mvula kuchokera kumpoto, wautsa mafunde pa mtunda wautali wa nyanja, n'kuwakhuthulira pa magombe a kuno kummwera. Mitambo ikada ndi kung'anima tulukani m'madzi, chifukwa pa nyanja yoyera mutu wanu ndiwo chinthu chachitali. Chizindikiro chosavuta ndi ichi: asodzi akakokera mabwato awo pamtunda masana, inunso musalowe. Mafunde akakupezani muli kale kunja, tsitsani liwiro, imirirani pang'ono mawondo atapinda, muwadule chopendekera osati molunjika kapena cham'mbali, ndipo musiyeko moto pamwamba pa funde kuti chombo chisauluke.

Zikavuta

Mukaona kuti mukugwa, siyani mahandulo mugwere kutali ndi chombo. Chingwe chizuka, injini izima. Sambirani kupita kumbuyo kwake, gwirani chogwirira, ikani bondo papulatifomu, kwerani muli pakati kuti chisapendeke. Woyendetsa ndiye amayamba kukwera, ndipo injini isalire mpaka onse atakhala. Mphepo ikamachikankha mofulumira kuposa mmene mungasambirire, musalimbane nacho mpaka kutha mphamvu. Yandamani ndi laifijaketi, imbani wenzulo.

Chikagubuduzika, yang'anani kachithunzi komatidwa kumbuyo kwake, kamene kamaonetsa mbali yochitembenuzira. Mbaliyo imasiyana malinga ndi mtundu, ndipo mukatembenuzira kolakwika madzi a mu ekizozi amatsikira mu injini. Werengani kachithunziko mukadali pamtunda. Musachisiye chadodolido nthawi yaitali. Mukachitembenuza n'kuona kuti sitata ikungoti “gu” osazungulira, lekani kukanikiza. Madzi alowa m'masilinda, ndipo popeza madzi sapanikizika, kukakamiza kumapinda zitsulo za mapisitoni. Chikokedwe kupita kumtunda, makaniko achotse mapulagi, apukuse injini kuti madzi atuluke, asinthe oilo kangapo mpaka asiye kuoneka ngati tiyi wamkaka. Zimenezi zichitike tsiku lomwelo, dzimbiri lisanagwire. Pochikoka ndi boti yendani pang'onopang'ono kwambiri, chifukwa liwiro limakankhira madzi m'mapaipi oziziritsira mpaka mu injini yozimayo.

Injini ikamalira kwambiri koma chombo osathamanga, kapena chikamanjenjemera, pampu yatsekeka ndi udzu, jumbo kapena chingwe. Zimitsani, zulani chingwe chozimitsira n'kuchisunga m'dzanja, gwedezani chombo uku ndi uku, ndipo zikakanika lowani m'madzi muchotse ndi dzanja. Dzanja lisayandikire chibowocho chingwe chili pamalo pake. Pa Yamaha ndi Kawasaki pali kabowo kam'mbali kamene kamatulutsa timadzi injini ikamayenda. Timadzito tikasiya, kapena alamu ya kutentha ikalira, zimitsani musanapsereze injini. Ikakana kulira muli kutali, khalani pa chombo. Chombo chimaoneka patali, mutu wa munthu suoneka, ndipo gombe limaoneka pafupi kuposa mmene lilili.

Pokatenga munthu amene ali m'madzi, mufikireni pang'onopang'ono mphuno ya chombo italoza kumene mphepo ikuchokera, ndipo muzimitse injini musanamukhudze. Ngati wagundidwa ndipo akudandaula khosi kapena msana, musamukokere pampando. Mugwirizeni mutu uli pamwamba pa madzi, muitane boti lokhala ndi thabwa logonekapo. Munthu womira amene sakupuma agonekedwe chagada pamalo olimba, mumupumire mkamwa kasanu, kenaka kanikizani pakati pa chifuwa ka 30 n'kumupumira kawiri, mobwerezabwereza, pa liwiro la 100 mpaka 120 pa mphindi. Musataye nthawi ndi kumuzondotsa kuti asanze madzi. Ngakhale atatsitsimuka n'kunena kuti ali bwino, apite naye ku chipatala cha Monkey Bay kapena cha boma ku Mangochi, chifukwa mapapo amene alowa madzi amatha kuvuta patapita maola.

Kubwerera

Tsitsani liwiro pa mamita 200 aja, lowani molunjika monga munatulukira, ndipo zimitsani injini madzi akadali ofika m'chiuno. Tsikani muchikoke ndi manja. Kuthamangitsira jet ski pamchenga kumapala kunsi kwake, kumadzaza pampu ndi mchenga, ndipo injini ikazima mulibenso chokhotetsera ngati mwana wathamangira kudzakuchingamirani. Chingwe chozimitsira chichoke pa chombo chipite m'thumba mwanu, chifukwa ana a pagombe amaonetsetsa mmene mumalizira.

Chikakwera pa ngolo, masulani zotsekera zakumbuyo kuti madzi atuluke, lizani injini masekondi ochepa kuti ilavule madzi a mu ekizozi. Madzi a nyanja yathu alibe mchere, koma mchenga ndi matope zimatsalira m'mapaipi, choncho tsukani ndi paipi ya madzi potsata dongosolo ili: lizani injini kaye, kenaka tsegulani madzi, pomaliza tsekani madzi kaye, kenaka zimitsani injini. Mukasemphanitsa, madzi amadzaza ekizozi n'kubwerera m'masilinda. Chotsani udzu wonse pa chombo ndi pa ngolo musanapite ku gombe lina, kuti musasamutse namasupuni. Siyani mpando wotsegula pang'ono kuti mkati muume. Anyamata amene amakankha ndi kukoka zombozi tsiku ndi tsiku m'madzi osaya, makamaka pafupi ndi mabango, azikayezetsa likodzo kuchipatala ngakhale asanaone magazi mumkodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa munthu.